Mzinda umene timausesa tiyeni tiudziwe: malo a mu Durban amene wantchito ayenera kukafikako

 Ndikuthokozani chifukwa mwapatula gawo la tsiku lanu lopuma kuti tikhale pamodzi, pamene zochapa zanu zikudikira ndipo akumudzi akuyembekeza foni. Lero ndikufuna tikambirane za malo ena a mu Durban amene satchuka pakati pathu, ndi chifukwa chimene munthu wogwira ntchito kwa eni ayenera kukapondako.

Ambiri mwa ife njira zimene timazidziwa mumzinda uno ndi zowerengeka: yochokera pamene timagona kukafika pageti la abwana, ya kutchalitchi kapena kumzikiti, ya kusitolo yotumizira ndalama, ndi ya kumene timakakwezera katundu wopita kwathu. Alipo amayi amene akhala zaka zisanu akuiona nyanja pawindo la kukhitchini, koma phazi lawo silinakhudze mchenga. Zifukwa zake tonse tikuzidziwa: kutopa, kuperewera kwa ndalama, ndi mantha. Manthawo ali ndi gwero lake, pakuti sitinaiwale Epulo wa 2015, pamene alendo anathamangitsidwa ku Isipingo ndi madera ena mpaka kukagona m'matenti, kapena Malichi wa 2019, pamene Amalawi anathawa m'nyumba zawo ku Burnwood, ku Sydenham. Komabe tizikumbukira kuti wantchito amene wadzitsekera m'kachipinda kakuseri sadziwa msewu, sadziwa ofesi yodandaulirako, alibenso mnzake womuuza kuti malipiro amene akulandira ndi operewera. Amene amapindula ndi kusadziwa kumeneko ndi bwana wachinyengo.

Tiyambe ndi funso limene ena mwafunsa kale mumtima: nthawi yoyendera mzinda tiipeza kuti? Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997, pamodzi ndi malamulo apadera a antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu, limati ntchito ya masiku onse isapitirire maola 45 pa sabata, ndipo sabata iliyonse munthu apume maola 36 otsatizana, kuphatikizapo Lamulungu pokhapokha ngati munagwirizana mwina. Mukagwira Lamulungu pamene si tsiku lanu la ntchito, malipiro a maola amenewo ndi owirikiza kawiri. Pa chaka muli ndi tchuthi cha masabata atatu cholipidwa. Malipiro otsikitsitsa, amene kuyambira mu 2022 ndi ofanana kwa wa m'nyumba, wa m'munda ndi wa m'fakitale, anafika pa R28.79 pa ola pa 1 Malichi 2025, ndipo amaunikidwanso chaka ndi chaka. Mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health ndi CCMA, bwalo la milandu ya ntchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chatha akadali wantchito pamaso pa lamulo ndipo atha kukadandaula. Choncho tsiku lopuma ndi lanu mwalamulo. Madamu sakupatsani ngati mphatso.

Malo oyamba amene ndikupemphani kuti mukaone ndi KwaMuhle Museum, pa msewu wa Bram Fischer, pakati pa tauni. Ndi nyumba yokongola ya makhonde, yomangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ambiri timaidutsa osadziwa kuti inali likulu la dipatimenti imene inkalamulira anthu akuda onse obwera kudzafuna ntchito mu Durban. Dzinali linachokera kwa mzungu wina, J.S. Marwick, amene Azulu anamutcha Muhle, kutanthauza wabwino, chifukwa mu 1899, nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ikuyamba, anatsogolera antchito a m'migodi pafupifupi 7,000 kuyenda wapansi kuchoka ku Johannesburg kubwerera kwawo ku Natal. Dzina linali la ubwino, koma zochitika m'nyumbamo zinali zochititsa manyazi. Abambo ankafola mizere kuyambira m'bandakucha, ankavulidwa kuti dokotala awayeze ngati ng'ombe za pamsika, kenako kalaliki ankadinda pasi. Chidindo chimodzi chinkamulola munthu kufuna ntchito; china chinkamulamula kutuluka mumzinda. Kuyambira mu 1952 munthu wakuda wopanda chilolezo sankaloledwa kukhala m'tauni kupitirira maola 72, ndipo malamulo a pasi anadzathetsedwa mu 1986.

Mukalowa mudzaphunziranso kumene ndalama zoyendetsera nkhanza zimenezi zinkachokera. Lamulo la 1908 linapatsa khonsolo ya mzinda mphamvu yoti ikhale yokhayo yofulula ndi kugulitsa mowa wamasese. Amayi amene ankadyetsa ana awo ndi mowa wofulula okha anasanduka olakwira lamulo, pamene phindu la m'maholo a mowa a khonsolo linkamangira nyumba zogonamo amuna okhaokha ndi kulipirira apolisi owalondera. Wantchito ankalipira yekha unyolo wake kudzera m'chipanda. Njira imeneyi inatchuka ndi dzina loti Durban System, ndipo mizinda ina inaitengera. Mu Juni 1959 amayi a ku Cato Manor, kumene eni ake amakutcha Umkhumbane, analowa m'maholowo ndi ndodo, kuthamangitsa omwa ndi kutaya mowa. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Dorothy Nyembe. Ife amene moyo wathu wapachikika pa chidindo cha m'pasipoti tidzaimva nyumba imeneyi mwamsanga kuposa mlendo aliyense wobwera ndi kamera. Tidzaonanso kuti dongosolo limene linkaoneka ngati la muyaya lero latsekeredwa m'magalasi kuti ana a sukulu azidabwa nalo.

Mukatuluka, werengani maina a misewu, chifukwa nawonso ndi mbiri. Msewu wa Johannes Nkosi, umene kale unali Alice Street, umakumbutsa mnyamata amene anagwirapo ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, monga inu nomwe, asanakhale mtsogoleri wa antchito. Pa 16 Disembala 1930 anatsogolera msonkhano wotentha mapasi pa bwalo la Cartwright Flats. Apolisi anamuvulaza koopsa ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa, ali ndi zaka 25. Limodzi mwa mabungwe amene Nkosi analowa linali ICU, ndipo amene analiyambitsa ku Cape Town mu 1919 anali mwana wa kwathu, Clements Kadalie, wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, amene anaphunzira ku Livingstonia. Pofika mu 1927 ICU inkanena kuti ili ndi mamembala okwana 100,000, ambiri mwa iwo antchito a m'mafamu, ndipo nthambi yake ya ku Durban, pansi pa A.W.G. Champion, inali imodzi mwa zamphamvu koposa. Wina akadzakuuzani kuti mlendo alibe gawo pa nkhani ya ufulu wa antchito m'dziko lino, mudzamuuze mofatsa za Kadalie.

Pafupi ndi Warwick pali bwalo lakale la mpira la Curries Fountain. Inu abale a ku Tete ndi Niassa, dziwani kuti pa 25 Seputembala 1974 khamu la anthu linasonkhana kunja kwa bwalo limeneli kudzasangalalira kupambana kwa Frelimo, ngakhale boma linali litaletsa msonkhanowo, ndipo apolisi anawabalalitsa ndi agalu. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 9 Januwale 1973, antchito pafupifupi 2,000 a pa fakitale ya njerwa ya Coronation ananyanyala ntchito kufuna malipiro okwanira. Sitiraka imeneyo inafalikira m'mafakitale a Durban ngati moto wa m'chilimwe, ndipo ndiyo inadzutsanso mabungwe a antchito akuda m'dziko lonse. Malamulo amene ndawatchula poyamba aja ali ndi mizu yawo m'misewu imeneyi.

Warwick yeniyeniyo ambiri timangoidutsa tikuthamangira minibasi, chikwama titachikumbatira. Tsiku lina mudzaiyendere modekha. Pamwamba pa mlatho wa msewu umene sunamalizidwe pali msika wa mankhwala azitsamba. Pansi amayi amaphika mitu ya ng'ombe. Ndipo msika wa Early Morning Market uli ndi masamba ndi zipatso pamtengo umene thumba lathu lingakwanitse. Mu 2009 khonsolo inafuna kuugwetsa kuti pamangidwe sitolo zikuluzikulu mpikisano wa mpira wa 2010 usanafike, koma ogulitsa anagwirizana, anapita kukhoti, ndipo msikawo ulipo mpaka lero. Mukayenda pang'ono mudzafika pamene tchalitchi cha Emmanuel Cathedral chayandikana ndi mzikiti waukulu wa Juma Masjid. Pambali pa tchalitchicho pali Denis Hurley Centre, yotchedwa dzina la arkiepiskopi amene anatsutsa tsankho kwa zaka zambiri. Kumeneko kuli kiliniki, chakudya cha osowa pokhala, ndi thandizo kwa othawa kwawo, ndipo Akhristu, Asilamu ndi Ahindu amatumikira limodzi. Malo amenewa muwadziwe lero mukadali bwino, kuti tsiku la tsoka musadzayambe kufunsa njira.

Inu a m'minda ya nzimbe, malo anu ndi 1860 Heritage Centre pa msewu wa Derby. Pa 16 Novembala 1860 sitima yotchedwa Truro inafika pa doko lino ndi gulu loyamba la Amwenye olembedwa ntchito ya kontirakiti, ndipo pofika mu 1911 anali atabwera oposa 152,000. Ankadziwika ndi nambala, ankagona m'mizere ya tizipinda, ndipo kuchoka pa esiteti popanda kalata ya bwana unali mlandu. Mu 1913 ananyanyala ntchito m'migodi ya malasha ndi m'minda ya nzimbe kukana msonkho wa mapaundi atatu, ndipo chaka chotsatira msonkhowo unathetsedwa. Ambiri mwa mabanja amene ena a ife timawagwirira ntchito ndi zidzukulu za anthu amenewa. Kudziwa zimenezi kumathandiza kuti polankhula nawo za malipiro ndi maola, tiwakumbutse mbiri yawo yomwe.

Tsopano tiwoloke kupita ku Bluff, kumalo otchedwa Kings Rest, kumene kuli mbiri imene imatikhudza kwambiri koma ndi ochepa amene anaimvapo. M'zaka za m'ma 1870 sitima zankhondo za Angerezi zinkagwira zombo za ogulitsa akapolo m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ena mwa opulumutsidwawo anawabweretsa kuno. Gulu loyamba, la anthu 113, linafika mu 1873. Ambiri anali Amakua a kumpoto kwa Mozambique, abale ake a Alomwe a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ngakhale kuno anapatsidwa dzina loti Amazanzibari. Ufulu umene anaupeza unali wa theka, chifukwa anawagawa kukagwira ntchito za boma ndi za m'nyumba za azungu pa kontirakiti. Atamaliza, amene anali Asilamu anakhazikika ku Kings Rest, namanga mzikiti, nalima minda, nasunga chilankhulo ndi miyambo yawo. M'kupita kwa zaka, amuna ochokera ku Nyasaland, makamaka Ayao, ankafikira pamudzi umenewu, kupemphera nawo ndi kukwatira komweko. Mwina ena mwa matchona amene agogo athu ankawalira anathera kumeneko. Lamulo la Group Areas linati Bluff ndi ya azungu, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 mudzi wonse unasamutsidwira ku Bayview, ku Chatsworth. Chimene chinatsala ku Kings Rest ndi mzikiti ndi manda. Mukafuna kukaona, pitani mwaulemu monga mmene timalowera kumanda kwathu, mutapempha kaye kwa oyang'anira. Mudzaima pamenepo mukuona doko, ndi kuzindikira kuti anthu a kuchigawo kwathu akhala akugwira ntchito mumzinda uno kwa zaka zoposa 150.

Amene muli ndi tsiku lathunthu ndi ndalama ya minibasi, pitani ku Inanda, kumpoto kwa mzinda. Kumeneko kuli sukulu ya Ohlange, imene John Langalibalele Dube ndi mkazi wake Nokutela anaiyambitsa kuti ana a anthu akuda aphunzire mabuku ndi ntchito zamanja. Dube ndiye anali mtsogoleri woyamba wa bungwe limene linadzakhala ANC, ndipo Nelson Mandela anasankha kuponya voti yake pa sukulu imeneyi pa 27 Epulo 1994. Chapafupi pali Phoenix Settlement, imene Gandhi anaikhazikitsa mu 1904. Ulendo umenewu ndi wabwino kuuyenda pagulu, pamodzi ndi munthu wodziwa Chizulu.

Koma munthu amene waima pa sinki kapena kuwerama ndi chikwanje masiku asanu ndi limodzi amafunanso malo ongokhala chete. Durban Botanic Gardens, m'munsi mwa Berea, inayamba mu 1849 ndipo ndiwo munda wa zomera wakale koposa mwa imene ilipo mu Africa. Kulowa n'kwaulere. Muli udzu woyalapo chitenje, mithunzi ya mitengo ikuluikulu, ndi dziwe la mbalame. Mukafunefune chomera chooneka ngati kanjedza chotchedwa Wood's cycad. Chinapezeka mu 1895 m'nkhalango ya Ngoye, chachimuna chokha, ndipo mpaka lero chachikazi chake sichinapezeke kulikonse padziko; kutchire chinatha, ndipo zimene zili m'minda ya maiko ena ndi mphukira za tsinde lomwelo. Abambo amene munasiya mabanja ku Mangochi ndi ku Mzimba, mukachiona mudzamwetulira nokha. Ku mathiriro a mtsinje wa uMngeni, tsidya la Blue Lagoon, kuli nkhalango ya Beachwood, ya mitengo yomera m'madzi amchere, yokhala ndi kanjira ka matabwa, nkhanu zambirimbiri ndi tinsomba toyenda pamatope. Kumeneko satsegula tsiku lililonse, choncho yambani mwafunsa. Paja safunsa anadya phula.

Za nyanja yeniyeniyo ndinene mawu awiri. Mpaka mu 1989 magombe abwino a mzinda uno anali ndi zikwangwani zoletsa anthu akuda. Lero msewu wa oyenda pansi wochokera ku Blue Lagoon mpaka pakhomo pa doko, wotalika pafupifupi makilomita 8, ndi wa aliyense ndipo salipiritsa. Koma nyanja yamchere isakunyengeni, inu amene munakulira ku Nkhotakota kapena ku Monkey Bay. Ili ndi mikokomo yobisika imene imamukokera munthu pakati ngakhale ali katswiri. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu zokha, pamene pali opulumutsa anthu. Madzi akakukokani musalimbane nawo; yandamani ndi kukweza dzanja. Chichitikireni chigumula cha mu Epulo 2022, magombe ena amatsekedwa nthawi zina chifukwa cha zonyansa za m'mapaipi, choncho werengani zikwangwani musanalowetse ana.

Nditsirize ndi kayendedwe. Yendani awiri kapena atatu, masana, ndipo wina wotsala adziwe kumene mwapita. Pasipoti ndi yanu, ndipo bwana alibe ufulu woisunga inu musakufuna. Ijambuleni pamodzi ndi chilolezo chanu, chithunzicho muchitumize kwa m'bale wodalirika. Lamulo la zolowa ndi kutuluka m'dziko limapereka mphamvu yofunsa mapepala kwa apolisi ndi ofesala a imigireshoni. Munthu wamba kapena gulu la pamsewu alibe mphamvu imeneyo, ngakhale nzeru ndi kuchokapo osakangana nawo. Mukamangidwa, muli ndi ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya ndi wodziwitsa abale. Musasayine pepala limene simunalimve. Inu amene mapepala anu sali bwino, yesani bwino ulendo uliwonse musananyamuke, ndipo funani uphungu ku mabungwe monga Lawyers for Human Rights, amene amathandiza alendo kwaulere. Pamene mukuyenda m'tauni, funsani kumene kuli ofesi ya CCMA ndi ya unduna wa zantchito, mukaone khomo lake ndi maso anu. Mukachotsedwa ntchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okha okaperekera dandaulo ku CCMA, ndipo salipiritsa. Kuyambira pa chigamulo cha bwalo lalikulu la malamulo a dziko pa mlandu wa Mahlangu, mu Novembala 2020, wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufera pa ntchito ayenera chipukutamisozi monga wantchito wina aliyense.

Pempho langa ndi laling'ono. M'magulu athu a zipani za ndalama, a kwaya ndi a maliro, tisankhe Lamulungu kapena Loweruka limodzi pa mwezi, tisonkhe ya minibasi, tipite malo amodzi mwa amenewa. Ulendo uliwonse titenge m'bale amene wangofika kumene, makamaka mtsikana wogonera kuntchito amene sanatulukepo pageti, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Tikakhala pa udzu wa ku Botanic kapena pakhonde la KwaMuhle, tidzafunsana za malipiro, za maola ndi za mapepala, ndipo amene akuponderezedwa adzadziwika msanga. Nyumba za mzinda uno timazisesa ndife, ana ake timawalera ndife, ndipo shuga wake amachokera m'manja mwathu. Tili ndi chifukwa chokwanira choudziwira.